Loweruka lonse lathera pa masipika a Sienta

Lero ndadzuka ndi nkhani imodzi m'mutu, yoti wailesi ya mu Sienta yanga iyambirenso kulankhula. Chiyambire Lachitatu imayaka bwinobwino, sikirini kuwala, nyimbo ya pa flashi kuoneka kuti ikuyenda, koma mawu ziii, masipika onse folo. Ine ndimayenda Lilongwe Kasungu kawiri pa sabata ndili ndekha, ndiye M1 wopanda wailesi amatalika koopsa, komanso tulo timabwera msanga masana kukatentha, zomwe ndimaziopa kwambiri.

Zing'onozing'ono ndinali nditaona kale, voliyumu, mute, balance ndi fader (zogawira mawu ku masipika) zonse zili pakati, mafyuzi ndinazula imodziimodzi palibe yakupsa. Dzulo munthu wina wogulitsa zamagalimoto anangomva nkhaniyo nkunena kuti IC, kachipangizo kokweza mawu ka mkati mwa wailesi, yapsa bwana, gulani wailesi ina basi. Ndinatsala pang'ono kugula ndithu koma mtima sunafune, wailesiyi sinathe ndi zaka ziwiri zomwe. Ndinaigula nditachotsa ya ku Japan ija imene inabwera ndi galimoto, paja zimene zija FM yake imathera pa 90 ndiye masiteshoni ambiri akuno sizigwira.

Cha m'ma 9 ndinakagogoda kwa achimwene oyandikana nawo nyumba, amene amakonza zamagetsi a galimoto. Asanagwire chilichonse anati tiyambe tachotsa waya wa negetivu pa batire. Kenako anazula wailesi mu dashibodi nkundionetsa mawaya akumbuyo, ndipo apa ndiye ndaphunzira. Wachikasu ndi wa moto wokhazikika, wofiira umalandira moto ukatembenuza kiyi, wakuda ndi wa bodi. Amasipika ali awiriawiri: oyera kutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, apepo kumbuyo kumanja.

Anandituma batire wamng'ono wa mu rimoti, uja wa 1.5 V. Akagunditsa mawaya awiri a sipika pa batireyo, sipika imalira kuti thu, kusonyeza kuti ili moyo ndipo waya wake sunaduke. Atatu analira. Ya pachitseko cha dalaivala duu. Ndinati ndiye sipika imeneyo yafa eti achimwene? Iwo anati dikirani kaye akulu, sipika imodzi kufa siingatseke pakamwa anzake onse. Anatenga mita yoyezera zamagetsi, masipika atatu aja akuwerenga pafupifupi 4 ohms monga zimayenera, ndiyeno anaika nsonga imodzi pa waya wotuwa ina pa chitsulo cha bodi, mita nkuyamba kulira piii. Shoti.

Titatsegula chitseko tinaupeza wayawo. Mnyamata amene anandiikira masipika chaka chatha sanadutsitse waya mkati mwa labala uja amalumikiza chitseko ndi bodi, anangoupanikiza pambali pafupi ndi hinji, ndiye chitseko cha dalaivala si ndi chimene chimatsegulidwa kambirimbiri, chakhala chikuudya pang'onopang'ono mpaka pulasitiki yake kusenda, waya umodzi kuduka, timawaya ta kopa tili pamtunda tikukhudza chitsulo pomwe penti inachoka. Zinandiwawa ndithu chifukwa ndinamulipira zonse zimene ananena.

Achimwene anandifotokozera kuti mawailesi a masiku ano waya wa sipika, ngakhale wa negetivu, suyenera kukhudza bodi olo pang'ono. Ukakhudza, wailesi imadziteteza yokha, imazimitsa mawu mbali zonse kuti IC isapse, nchifukwa chake imaoneka yamoyo koma osalankhula. Ndikanagula yatsopano ndikanakailumikiza pa shoti yomweyo.

Tinakoka waya watsopano kudutsa mu labala, ntchito yofuna kudekha, tinachita kumangirira ku kawaya kolimba nkupaka sopo pang'ono kuti uterere. Anawotcherera polumikiza, osangopota ndi manja ayi, nkukulunga tepi. Pulasitiki yotchinga madzi ya mkati mwa chitseko inali itang'ambikanso, tinaimata kuti mvula ikayamba madzi asamalowe mbali ya sipika.

Cha m'ma 2 tinabwezera batire, ndinatembenuza kiyi, Zodiak nkumveka mbali zonse. Mayi akunyumba anatuluka kukhitchini ndi mthiko m'manja kudzamva. Achimwene ndalama anakana, anati mungondigulira mayunitsi, koma nsima ndiye tadyera limodzi pakhonde. Mawa ndikachoka kutchalitchi nditsegulanso chitseko chakumanzere, poti waya wakenso anaika ndi mnyamata yemwe uja.