Mmene ndinayezera nkhalango ya kumpoto kwa Finland ndi rada

Ku Rovaniemi, mzinda wa kumpoto kwa Finland, mwezi wa December dzuwa limangosuzumira n'kulowanso, ndipo mitambo imakuta dziko masiku ambiri. Kamera ya pa setilaiti imangojambula mdima. Rada ilibe nazo ntchito zimenezo, chifukwa imaponya yokha mafunde pansi n'kumvetsera amene abwerera. N'chifukwa chake ndinayambira pa Sentinel-1, gulu la masetilaiti a rada a ESA, bungwe la ku Ulaya loona za mumlengalenga, amene yoyamba yake inakwera mu 2014.

Zithunzi zake n'zaulere, bola ulembetse pa webusaiti ya Copernicus Data Space. Ndinatenga za mtundu wa GRD (zosonyeza mphamvu ya mafunde obwerera), zokhala ndi VV (mafunde oponyedwa choimirira n'kubwerera choimirira) ndi VH (oponyedwa choimirira n'kubwerera chopingasa), zonse zojambulidwa setilaitiyo ikuyenda njira imodzimodzi. Rada imayang'ana cham'mbali, choncho phiri lomwelo limaoneka mwina kuchokera kum'mawa, mwinanso kuchokera kumadzulo.

Kuyeretsa zithunzizo mu pulogalamu ya pakompyuta ya SNAP sikunavute mpaka pa kuwongola mapiri ndi zigwa. Apa pamafunika mapu a kukwera kwa nthaka, ndipo mapu otchedwa SRTM amene ambiri tinazolowera amalekezera pa madigiri 60 kumpoto. Rovaniemi ili pa 66. Ndinasinthira ku mapu ena otere otchedwa Copernicus DEM, oyeza nthaka pa mamita 30 aliwonse, ntchito n'kupitirira.

Chithunzi choyamba chinatuluka cha mawangamawanga ngati nthenga za nkhanga. Si kuwonongeka ayi, umo ndi mmene rada imachitira mafunde obwerera akamawombana okhaokha. Ena amasalaza mawangawo ndi sefa ya m'pulogalamu, koma sefayo imadyanso malire a nkhalango. Ine ndinaona kuti ndi bwino kuunjika zithunzi zambiri za malo amodzi n'kutenga pakatikati pake.

Koma kuunjikako n'kosamala nako. Rada imamva madzi. Mtengo wa paini ukaundana m'nyengo yozizira umabweza mafunde ochepa, ngati masamba athothoka pomwe uli chilili. Chipale chofewa chikayamba kusungunuka chimameza mafunde, malo apoyera n'kuda bii. Nyanja yabata imaoneka yakuda, koma mphepo ikaivundula imawala moti ungaiyese thengo. Motero ndinagawa zithunzi milu itatu: zachisanu, zanthawi yosungunuka, ndi zachilimwe. Kusintha kwa malo pakati pa milu imeneyi ndi kumene kunandiuza zambiri. Dambo limasinthasintha kwambiri, nkhalango yowirira pang'ono chabe, ndipo pamene adula mitengo VH imatsika n'kukhala pomwepo.

Mapu osiyanitsa madzi, madambo ndi nkhalango anatuluka bwino. Kuyeza kuchuluka kwa matabwa ndiye kunandikanika pena. Ndinafananiza zotsatira ndi mapu a bungwe la Luke, lomwe limayendetsa kalembera wa nkhalango amene dziko la Finland linayamba mu 1921. M'mitengo yaing'ono tinkagwirizana. M'nkhalango yakale rada yanga inkangonena zofanana paliponse, chifukwa mafunde a Sentinel-1 ndi otalika masentimita 5.6 okha, amathera m'nthambi zam'mwamba osafika pa thunthu.

Ndinawonjezerapo zithunzi za PALSAR-2, rada ya JAXA, bungwe la ku Japan loona za mumlengalenga, ya mafunde pafupifupi masentimita 24 olowa mkati ndithu, ndipo kusiyana ndi mapu a Luke kunachepa. Ena anganene kuti bwanji osagwiritsa ntchito setilaiti ya Biomass imene inakwera mu 2025, ya mafunde a masentimita 70. Imeneyo siloledwa kuyatsa rada yake pamwamba pa Ulaya ndi North America, kuopa kusokoneza ma rada a asilikali, choncho ku Finland singathandize.