Mvula ya ku Morumbi, pamanda a Senna

Mvula inandipeza nditangolowa pachipata cha manda a Morumbi mumzinda wa São Paulo ku Brazil. Ndinalibe ambulera, foni inali pafupi kuzima, ndipo mtima unali ukuwawabe ndi ndalama zomwe ndinapatsa wa takisi titakhala ola lathunthu pamdipiti wa magalimoto. Inu mukadzapita mudzakwere sitima yapansi panthaka, ine ndinapeza tikiti ili 5 reais, takisi mudzaitenge pakamtunda kotsalako.

Ndinkafuna manda a Ayrton Senna, katswiri wa ku Brazil pa mpikisano wa magalimoto wa Formula 1, ndipo maso anga ankasaka chiliza chachitali. Kulibe zotero kumeneko. Ndi kapinga wometedwa bwino, mayina ali pa tizitsulo ta mkuwa togonekedwa pansi. Ndinazungulira mpaka nsapato kudzaza madzi.

Bambo ena achikulire, atanyamula maluwa, anandifunditsa ambulera yawo osandifunsa kanthu. Chipwitikizi changa ndi cha moni basi, choncho ndinangoti "Senna". Anandigwira pamkono n'kunditsogolera pansi pa mtengo wina. Pakachitsulo panali dzina lake lonse, Ayrton Senna da Silva, masiku awiri, 21 Malichi 1960 ndi 1 Meyi 1994, ndi mawu ochokera pa Aroma 8 akuti palibe chingandilekanitse ndi chikondi cha Mulungu. Pambali pake wina anali atazika kambendera ka Brazil, konyowa, kokakamira kukamtengo kake.

Bambo aja anandipatsa ambulera kuti ndigwire, iwo n'kuyamba kufotokoza ndi manja. Anakweza zala zisanu ndi chimodzi, akugwedeza giya yosaoneka yomwe ikukana kusuntha. Ndinaizindikira nkhaniyo. Mu 1991 ku Interlagos, bwalo la mpikisano la mu São Paulo momwemo, magiya a galimoto ya Senna ya McLaren anafa mpikisano uli kumapeto, mvula ikuyamba, iye n'kumaliza ndi giya 6 yokha. Kanali koyamba kupambana mpikisano wa Formula 1 kwawo ku Brazil. Mapewa anauma moti chikho anachinyamula movutikira. Bambowo anatsanzira kunyamula chikhocho, manja akunjenjemera, misozi ili chuchuchu.

Senna anakhala katswiri wa dziko lonse wa Formula 1 katatu, 1988, 1990 ndi 1991, anapambana mipikisano 41, ndipo mvula inali bwenzi lake kuyambira ku Monaco mu 1984 ali ndi galimoto yofooka ya Toleman. Koma zimene zimandikhudza ine ndi za ku Imola ku Italy, komwe anachita ngozi yomwe inamupha pampikisano wa mu 1994. Dzulo lake anali atamwalira dalaivala mnzake Roland Ratzenberger wa ku Austria, ndipo m'galimoto ya Senna ya Williams yomwe inawomba khoma pakhona ya Tamburello anapezamo mbendera ya Austria yopindidwa. Ankafuna kuikweza akamaliza. Anali ndi zaka 34, ndipo Brazil inalira masiku atatu.

Chimandinyansa n'choti misika yadzaza zipewa ndi malaya a dzina lake pamitengo yoboola m'thumba, pamene mchemwali wake Viviane anasankha kumukumbukira ndi bungwe lophunzitsa ana osauka, Instituto Ayrton Senna.

Maluwa aja sanali a Senna. Bambowo anachotsapo duwa limodzi lokha, n'kuliika pakachitsulo, ena onse anapita nawo kumanda a akazi awo chakumunsi. Ambulera anandisiyira. Ndinawadikira pachipata mpaka mvula inakata kuti ndiwabwezere.