Obama m'masamba, ife m'thukuta

Sabata yathayi ndinafuna kuti ana anga a Fomu 3 aphunzire kuyang'ana chithunzi chopenta cha munthu. Ndinasankha cha Barack Obama chomwe anapenta Kehinde Wiley, chija anachionetsa koyamba mu 2018 ku National Portrait Gallery, nyumba yoonetserako zithunzi za anthu, ku Washington.

Lolemba ndinadzilakwira ndekha. Ndinakachita fotokope pa Ngabu, ndipo masamba obiriwira onse omuzungulira Obama pa chithunzicho anangosanduka mwaye. Lachiwiri magetsi kunalibe, ndiye foni yanga inkayenda desiki ndi desiki, aliyense akuyamba waipukuta thukuta la mnzake. Dzuwa la Okutobala kuno ku Chigwa silifunsa kuti muli pa phunziro lanji.

Vuto la ana ndi loti akangoizindikira nkhope, maso amatseka. "Ndi Obama, aphunzitsi." Basi, watha.

Lachitatu ndinazondotsa chithunzicho, mutu pansi, n'kuletsa kutchula dzina. Apo m'pamene anayamba kuona. Wina anati masamba ndi owala kuposa munthu, moti suti yakudayo ndi imene ikupumitsa maso. Wina anaona kuti tayi palibe, ndipo bamboyo waweramira kutsogolo, mikono yopingasa pamaondo, ngati mfumu yomvetsera mlandu. Koma wandigometsa ndi mtsikana wina wofatsa wa kumbuyo, yemwe chaka chonse sindinamumvepo mawu. Iye anafunsa: "Nanga mpandowu waima pa chiyani?" Zoonadi, pansi sipakuoneka. Masamba akwera mpaka kukuta miyendo, ngati namasupuni pa Shire. Sudziwa ngati munthuyo akutuluka m'tchire kapena tchire likumumeza.

Za maluwa omwe ali m'masambamo ndinawauza pomaliza dala, kuti ena akuimira Chicago, ena Hawaii kumene anabadwira, ena Kenya kwawo kwa bambo ake. Ndikanayamba ndi zimenezi, akanangoloweza ngati za mayeso.

Lachinayi tinaona cha mkazi wake, Michelle Obama, chopenta Amy Sherald. Khungu lotuwa ngati phulusa, kumbuyo mtundu wa thambo, diresi litatambasuka ngati phiri. Kalasi inagawikana: ena ankati mayiyo waoneka wodwala, ena ankati kutuwako n'kumene kukuchititsa kuti uyang'ane maso ndi dzanja lili pachibwano. Sindinagamule.

Lachisanu anajambulana ndi makala pa makatoni. Mnyamata wina anajambula mnzake mutu wokha ukuonekera m'munda wa mapira, ndipo mwini nkhope mpaka pano akudandaula kuti makutu anamukulitsira.