Shedi ya 1949 ija: 10000 yayamba kuyenda

Abale, sabata ino zayenda ndithu ndi kanjanji kanga kam'chipinda kaja. Kwa amene mwangobwera kumene, ndikumanga kachifaniziro ka shedi (nyumba yosungiramo ndi kusamaliramo mitu ya sitima) ya ku England ngati mmene inkaonekera cha mu 1949, pa sikelo ya OO (muyeso wa kukula kwa tisitima tachidole), ndipo ndikufuna mutu wa malasha ndi wa dizilo ziime moyandikana pabwalo limodzi.

Mutu wa dizilo wa LMS 10000 (LMS inali kampani ya njanji ya London, Midland and Scottish) womwe ndinagula wogwiritsidwapo kale uja unkangonjenjemera osasuntha. Loweruka ndinaumasula, kupeza girizi yakale yauma gwa m'magiya, ndiye ndinatsuka bwinobwino, kupukuta mateyala, kuthira timadontho ta oyilo, basi usiku womwewo unazungulira ka 20 osaima. Ndinakhala pansi kumangouyang'ana mpaka tiyi kuzizira.

Mutu umenewu ndimaukonda pa chifukwa. Weniweniwo unatuluka ku Derby mu Disembala 1947, kutangotsala masabata ochepa kuti boma litenge njanji zonse pa 1 Januwale 1948, nchifukwa chake unali ndi zilembo za LMS m'mbalimu pomwe mnzake 10001 wa 1948 analibe. Anaukonza ndi H. G. Ivatt, injiniya wamkulu wa LMS, mogwirizana ndi kampani ya English Electric. Mkatimo munali injini ya dizilo ya mahachi 1,600 koma siinkazunguza mateyala mwachindunji ayi, inkazunguza jenereta, magetsiwo nkupita ku mamota omwe anali pa ma ekiselo onse 6. Iwiriyi akaimangiriza pamodzi inkakoka sitima ya Royal Scot kuchoka London Euston mpaka Glasgow.

Koma chomwe chandidyera nthawi kwambiri ndi mbali ya malasha. Ndinaphwanya kachidutswa ka malasha enieni ndi hamala, kusefa, nkumata ndi guluu wosungunula m'madzi. Kenako dzenje la phulusa, kenako mpope wothirira madzi, kenako kudetsa khoma ndi penti wakuda wothira madzi kuti lioneke lamwaye. Masiku atatu athunthu. Mbali ya dizilo? Thanki imodzi ndi payipi, ola limodzi zatha.

Apa mpamene nkhani yonse inandilowa m'mutu. Black Five yanga ija, mutu wanga wa malasha, ili ndi mphamvu zake ndithu, ndipo kukongola ndiye palibe mnzake, koma kuti yeniyeniyo inyamuke m'mawa munthu amayenera kukoleza moto maola angapo boyila isanadzaze nthunzi, wina kuchotsa phulusa, wina kutsuka machubu, wina kuponya malasha ndi fosholo ulendo wonse, nkumaimanso panjira kumwetsa madzi. Dizilo ungoliza, kudikira pang'ono, wanyamuka, ndipo 10000 ili ndi kabu ya dalaivala mbali zonse ziwiri moti sufuna choitembenuzira. Ine ndikuona kuti nthunzi inagonja chifukwa cha thukuta la anthu m'shedi muja, lomwe nkhondo itatha ambiri sankalifunanso.

Chimene chimandipweteka ndi liwiro lomwe anasinthira. Pulani ya 1955 yosinthira njanji za ku Britain kuti zikhale zamakono itatuluka anayamba kuoda madizilo ambirimbiri ena asanayesedwe mokwanira, komabe Evening Star, ya malasha, anaimanga ku Swindon mu 1960 nkuipumitsa mu 1965, mutu wa zaka zisanu zokha eti. Pofika pa 11 Ogasiti 1968 nthunzi inali itatsanzika pa njanji zikuluzikulu za British Rail. Ndipo chaka chomwecho 10000 ndi 10001 anazidula ngati zitsulo zotha ntchito, osasunga ngakhale imodzi. Ine ndinakulira ku Balaka ndikuona mitu ya dizilo yokhayokha, ndiye kumva kuti kholo lake ngati limeneli analidula zimandikhudza kwambiri.

Chatsala pa kanjanji kanga ndi tianthu tachidole. Ndaoda asanu ndi mmodzi ovala maovolosi, asanu apita ku malasha ndi phulusa, mmodzi yekha aima pa thanki ya dizilo. Akafika ndiwadetsa m'manja ndi kumaso kaye ndisanawamate.