Sabata imene aliyense ankabwerera m'mbuyo

Ntchito yanga ndi kumasulira nkhani zakunja kuti ziwerengedwe m'Chichewa pa wailesi. Nkhani imagwa pa kompyuta m'Chingelezi, ndimakhala ndi mphindi zowerengeka, kenako pepala lipite ku situdiyo. Masabata ambiri amangodutsa osasiya chizindikiro, koma yoyamba ya Okutobala 2022 ndimaikumbukirabe, chifukwa ndinalimbana kwambiri ndi anthu obweza mawu awo.

Lolemba pa 3 inayamba ndi Britain. Pa 23 Sepitembala nduna ya zachuma Kwasi Kwarteng inali italengeza kuti ichotsa msonkho wa 45 peresenti umene ankakhoma anthu olandira mapaundi opitirira 150,000 pachaka. Lamulungu nduna yaikulu Liz Truss ankanenetsabe pa BBC kuti ganizolo lilipo ndipo silisintha. Kutangocha, ali kumsonkhano wa chipani cha Conservative ku Birmingham, Kwarteng anati alisiya. Mutu uliwonse umene unafika pa kompyuta yanga unali ndi mawu amodzimodzi: U-turn.

Mawuwa ndi apamsewu. Galimoto ikakhota n'kubwerera kumene ikuchokera, njira yake imalemba chilembo cha U. Ine ndinalemba kuti boma la Britain lasintha maganizo. Mkonzi wathu, mayi wachikulire amene amawerenga pepala lililonse atagwira cholembera chofiira, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo, maganizo aliyense amasintha, ngakhale ine. Apa pali manyazi. Lembani kuti lasintha thabwa."

Ananena zoona. M'ndale za ku Britain, U-turn ndi chitonzo. Boma la Edward Heath linanyozedwa nalo mu 1972 litasiya mfundo zake za chuma, ndipo n'chifukwa chake nduna yaikulu Margaret Thatcher, pamsonkhano wa ku Brighton mu 1980, anasewera ndi mawuwo: chilembo U chimamveka ngati you, ndiye anauza omutsutsa kuti atembenuke okha ngati akufuna, iye ayi. Nthabwala imeneyo m'Chichewa singatuluke. Ndinayesapo, ndinalephera.

Lachiwiri kunabwera Elon Musk, mpondamatiki wa ku America. Mu Epulo anavomera kugula Twitter pa madola 44 biliyoni, mu Julaye anafuna kuthawa, kampaniyo inamusumira, ndipo mlandu unali pafupi kuyamba ku Delaware pa 17 Okutobala. Mwadzidzidzi analemba kalata yoti agula pamtengo womwe uja. Apa olemba nkhani anatulutsa mawu onse amene anali nawo m'thumba. Ena anati about-face, lamulo la asilikali pa perete loti atembenukire kumbuyo nthawi imodzi. A ku Britain amati about-turn. Ena anati volte-face, mawu a Chifalansa ochokera ku Chitaliyana, otanthauza kutembenuza nkhope, okondedwa ndi nyuzi zofuna kumveka zophunzira. Enanso anangoti reversal, amene mwa onsewa ndi okhawo osanyoza munthu.

Poyamba ndinalemba kuti Musk watembenuka. Nditawerenga mokweza ndinaseka ndekha, chifukwa womvera akanadikira kuti ndinene mpingo umene walowa. Amayi aja anafuna thabwa lija kachiwiri, koma ulendo uno ndinakana. "Amayi, dzulo munthu anagonja atapanikizidwa ndi aphungu a chipani chake. Uyu wangobwerera ku pangano limene anasainira yekha." Tinagwirizana kuti wavomera tsopano kugula monga analonjezera poyamba. Mawu aatali, osakoma m'kamwa, koma osaweruza.

Chimene chinandivuta sabata yonseyo ndi chimenechi. Chingelezi chili ndi dzina la mtundu uliwonse wa kubwerera, ndipo dzina lililonse labisa chigamulo. Climbdown ndi kutsika pamene unakwera modzitama, anthu akuonerera. Backflip, amene amakondedwa ku Australia, amamufanizira wandale ndi wogadabuka m'malere chagada. Flip-flop, amene anamumata John Kerry pachisankho cha ku America cha 2004, ndi munthu wa lero izi mawa izo. Awa okha ndi amene sanandivutitse, poti kusinthasintha kwathu kumabwereza mawu chimodzimodzi, ndipo flip-flop ndi dzinanso la patapata, onse awiri kutengera phokoso la kuphazi. Wolemba wa ku London akasankha limodzi mwa mayinawa amakhala wagamula kale mlandu. Ine ndikamumasulira mokhulupirika, ndimanyamula chigamulo chake n'kukachitula kwa womvera amene sakudziwa n'komwe kuti panali mawu ena angapo oti asankhidwe.

Lachitatu ndi Lachinayi zinali nkhani za mafuta ndi nkhondo ya ku Ukraine. Palibe anabweza mawu, ndinapumako.

Lachisanu tinakonza chidule cha nkhani za sabata, masamba anayi. Makina osindikizira anatafuna pepala, ine n'kutola masambawo pansi mothamanga, n'kuwapatsira wowerenga nyali yofiira itayaka kale. Tsamba lachiwiri ndi lachitatu zinasinthana malo. Wowerenga anayamba bwinobwino za Kwarteng, anatembenuza pepala, n'kupitiriza ndi mawu odekha kuti wavomera tsopano kulipira madola 44 biliyoni. Anaima kamphindi, anatsokomola, n'kupepesa kwa omvera.

Mnyamata wophunzira ntchito, amene amakonda mafilimu a ku America, anandinong'oneza kuti, "Abwana, imeneyo ndiye switcheroo." Ndi mawu anthabwala a Chingelezi cha ku America, onena za kusinthanitsa zinthu mosayembekezereka, nthawi zambiri mochenjera. Ndinamuuza kuti kuchenjera panalibe, kunali kupupuluma kwanga basi. Amayi aja sanaseke. Anatenga masamba anayi aja, n'kulemba manambala aakulu ofiira pamwamba pa lililonse, 1, 2, 3, 4, n'kundibwezera osalankhula.