Velo ya mng'ono wanga

Pamene mng'ono wanga anatiuza kuti ukwati wake udzakhalako mu Okutobala, ine ndinadzipatsa ndekha udindo woyang'anira zovala za mkwatibwi, ndipo panalibe wonditsutsa chifukwa kwathu ndimadziwika kuti ndine waluso pa zosokasoka ndi zositasita. Mbiri imeneyi ndinaipeza ndili ku sekondale yogonera komweko, kumene ndinkasita mayunifolomu a anzanga ndi simbi ya makala n'kumalipidwa zigumu. Diresi tinasoketsa kwa telala wa ku Limbe, koma velo tinachita kubwereka pa shopu ina ya komweko titasiya chikole cha K40,000, ndipo mwini shopuyo anatichenjeza kawiri konse kuti katundu wake abwerere monga momwe wachokera.

Usiku wa Lachisanu nyumba yathu ku Ndirande inalibe popondera. Achibale a ku Mulanje ndi ku Thyolo anagona pabalaza, pakhonde ndi m'khitchini momwe, kuseri amayi anachezera kusosola nkhuku ndi kupeta mpunga, ndipo alangizi anadzitsekera kuchipinda ndi mkwatibwi mpaka pakati pa usiku, akumuuza zinthu zimene ine, ngakhale ndatha zaka 9 ndili pabanja, sindinazimvetsebe. Wokonza tsitsi anafika 4 koloko m'bandakucha atanyamula chikwama cha mawigi, zikhadabo ndi nsidze zomata. Ukwatiwo unali wokadalitsidwa 8 koloko ku St Michael and All Angels, ndipo ankhoswe anali atanena motsindika kuti tikachedwa tidikira mpaka maukwati ena onse a tsikulo atatha.

Nthawi itakwana 5 koloko ndinatulutsa velo ija m'jumbo, n'kupeza kuti yachita makwinya ngati kuti wina anaitsamira usiku wonse. Ndinalumikiza ayironi, koma isanafunde n'komwe magetsi anathima. Munthu wanzeru akanaipachika pachitseko kuti makwinyawo awongoke okha. Ine ndinaoloka mpanda n'kukabwereka simbi kwa aneba, simbi yeniyeni yakale, ya katambala pamwamba pa chivundikiro, ndipo ndinaidzaza ndi makala a pambaula ya nkhuku, n'kuiyendetsa uku ndi uku mumphepo mpaka makalawo atafiira. Ndinanyowetsa chala ndi malovu, ndinakhudza kunsi kwake, ndipo italira ndinagwedeza mutu monga katswiri amene wabwerera pa ntchito yake.

Nsalu ya thonje ikamapsa imayamba yachenjeza: imatulutsa kafungo, kenaka imasanduka yofiirira, ndipo munthu amapeza mpata wochotsa simbi. Nayiloni ilibe ulemu umenewo. Nditangoika simbi, velo inafwanyalala ngati pulasitiki yogwera pamoto, ndipo nditainyamula theka la nsaluyo linanyamuka nayo limodzi litamatirira kunsi. Pakati penipeni, pamene panayenera kuphimba nkhope ya mkwatibwi, panatsala bowo loti mbuzi ikhoza kupisapo mutu ndi nyanga zomwe.

Ndinatseka chitseko n'kukhala pansi. Kukwera kabaza kuthamangira ku Limbe kunali kosathandiza, poti mashopu sakanatsegula nthawi imeneyo, ndipo ndikanabwerako abusa atamaliza kale. Kuuza mkwatibwi kunalinso kosatheka, chifukwa nkhope yake inali itapentedwa kale kwa ola lathunthu, ndipo wokonza uja anali ataletsa aliyense kumuseketsa kapena kumuliza. Ndili mkati mosinkhasinkha choncho, maso anga anagwera pa katundu wa agogo amene anali pakona. Pamwamba pake panali neti yatsopano, yoyera mbee, ili m'pepala lake, imene ndinawagulira ine ndemwe chifukwa nthawi zonse akabwera amadandaula kuti udzudzu wa m'mbali mwa Nasolo uli ndi mano.

Apa ndiyenera kuvomereza kuti chimene chinandilimbitsa mtima ndi tchalitchi chomwe tinkapitacho. Tili ana tinkauzidwa kawirikawiri kuti M'busa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchito yomanga St Michael kuyambira 1888 mpaka 1891, sanaphunzirepo zomangamanga ndipo analibe mapulani ojambuliratu, koma iye ndi anthu a kuno anaumba njerwa n'kuimika nyumba imene ilipo mpaka lero. Ndinadzifunsa kuti ngati tchalitchi chonsecho chinamangidwa chomwecho, ine ndingalephere bwanji kupanga kansalu kongolowa nako m'menemo. Ndinatenga sizasi, ndinadula mbali imodzi ya neti, ndinasomola lesi ndi kachipeso pa velo yopsa ija, ndipo pounikira ndi tochi ya foni yoluma kukamwa ndinasoka mofulumira kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Simbi ndi mtembo wa velo ndinazikankhira kunsi kwa bedi.

Nditamuveka, mng'ono wanga anaigwiragwira n'kufunsa kuti, "Achemwali, bwanji yauma chonchi? Dzana inali yofewa." Ndinamuyankha kuti ndaithira sitachi kuti iime bwino pazithunzi. Atafunsanso za kafungo kamene kankamveka, ndinati ndi ka kushopu, ndipo mwamwayi galimoto zinayamba kuliza mahutala panja, amayi anayamba nthungululu, nkhaniyo n'kuthera pomwepo. Tinatsika ku Ndirande tikuimba, ine ndikudziyamikira chamumtima.

Mavuto anayamba titaimba nyimbo yachiwiri. Okutobala wa mu Blantyre amatentha ngakhale m'mawa, tchalitchi chinali chodzaza, ndipo mkwatibwi atayamba kutuluka thukuta ndinaona akukweza dzanja n'kukanda tsaya mobisa. Kenaka anakanda lina. Pamenepo m'pamene mawu a anamwino a kusikelo anandibwerera onse bwinobwino, akuti neti yatsopano imakhala ndi mankhwala ophera udzudzu, ndipo iyenera kuyanikidwa pamthunzi kwa maola 24 munthu asanagonemo, apo ayi imayabwa ndi kuwotcha kumaso. Ine ndinali nditaichotsa m'pepala n'kuimata pankhope pa mwana wa amayi anga pasanathe ola limodzi.

Misozi inayamba kutsika, osati yodontha pang'onopang'ono ayi, koma yoyenderera, yokokolola penti yense wa wokonza uja. Amayi a Mvano amene anakhala kumbuyo kwanga anayamba kunong'onezana kuti mwanayu analeredwa bwino, chifukwa atsikana a masiku ano amalowa m'banja akuseka ngati akupita ku Chichiri kukagula nsapato. Mayi athu ataona mwana wawo akulira nawonso anayamba kulira, azakhali anatsatira, ndipo posakhalitsa mzere wonse wa kuchikazi unali kufwenthera. Ngakhale abusa anaima kaye pa ulaliki wawo n'kunena kuti misozi yotere ndi umboni wa mtima wodziwa kulemera kwa pangano. Atamufunsa ngati akulola kuti mwamunayu akhale wake, mkwatibwi anayetsemula katatu motsatizana, ndipo kachitatuko nsidze ya kumanzere inamatuka n'kutsakamira pa neti, chamkati, ngati kambozi.

Tsono inafika nthawi yoti mkwati avundukule mkazi wake. Pano mpofunika kudziwa kuti mlamu wangayo ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo gawo lina la ntchito yake ndi kugawa maneti m'midzi ndi kuphunzitsa anthu kasamalidwe kake. Atagwira m'mphepete mwa velo kuti aikweze, chala chake chinalowa m'kachingwe kokolekera pamsomali, kamene mumdima muja ndinaiwala kudula. Anakayang'ana kachingweko, anapekesa nsaluyo pakati pa zala ziwiri, anayang'ana maso ofiira a mkazi wake, kenaka anatembenuka pang'onopang'ono n'kundipeza pamene ndinakhala. Ine ndinatsegula buku la nyimbo n'kuyamba kuwerenga ndi chidwi chachikulu, ngakhale linali chadodolido.

Sananene kanthu m'tchalitchimo. Anaiponyera velo kumbuyo kwenikweni, kutali ndi nkhope, ndipo titangotuluka anatuma mnyamata kukagula madzi a m'botolo kuti mkazi wake asukusule asanajambulitse. Masana ku holo, mwambo wa perekaniperekani uli mkati, woyendetsa mwambo anaitana achemwali a mkwatibwi, ndipo ndinapita kutsogolo ndikuvina, ndikuponya ma K50 mowolowa manja kuposa mmene ndinakonzera. Nditafika pafupi ndi tebulo lawo, mlamu anawerama n'kundinong'oneza mwaulemu wonse kuti, "Alamu, ntchito mwaigwira, koma ulendo wina muzidzayamba mwaiyanika pamthunzi."

K40,000 ija inatsalira ku Limbe, ndipo simbi ya aneba ndinaipala ndi mpeni masiku awiri. Agogo sanamve chilichonse mpaka Lamulungu m'mawa, pamene anatuluka kuchipinda akukanda mikono, atanyamula neti yawo ya mbali zitatu. Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse kuyambira pa magetsi. Anamvetsera mpaka kumapeto, anaipinda netiyo mosamala, kenaka anati, "Chabwino. Ukamuuze mng'ono wakoyo kuti akathana nacho chipewa chakecho andibwezere, ndisokerere pamene chinachoka."