Zaka ziwiri za Hananiya, zaka 70 za Yeremiya

Yeremiya 29:11 ndi vesi limene Akhristu ambiri analiloweza. Timaliona pa makadi a ukwati ndi pa zikwangwani za misonkhano ya chitsitsimutso: Mulungu amatilingalira zamtendere, ndipo adzatipatsa tsogolo ndi chiyembekezo. Mawuwa ndi oona. Koma vesi 10 lili ndi nambala imene alaliki ambiri amaidumpha, zaka 70 zodikira ku Babulo. Amene anayamba kumva lonjezoli anali akapolo ku Babulo, ndipo ambiri a iwo anayenera kufera komweko lisanakwaniritsidwe.

Nkhani yake inayenda motere. Mu 597 Yesu asanabadwe, Nebukadinezara, mfumu ya ku Babulo, anagwira Yehoyakini mfumu ya Yuda, akuluakulu ndi amisiri a ku Yerusalemu, natenganso ziwiya za m'kachisi. Patapita zaka zowerengeka, mneneri Hananiya wa ku Gibeoni anaimirira m'kachisi nalengeza kuti zisanathe zaka ziwiri mfumu, akapolo ndi ziwiya zonse zidzabwerera. Anachotsa goli lamtengo limene Yeremiya anavala m'khosi ngati chizindikiro chogonjera Babulo, nalithyola anthu akuona. Ndani sakanaomba m'manja? Yeremiya mwiniyo anavomera kuti zikanatero zikanakhala bwino. Koma chaputala 28 chikuti Hananiya anamwalira patangopita miyezi iwiri, ndipo pasanathe zaka 10 Yerusalemu anatenthedwa. Khomo lobwerera linatseguka mu 538, Koresi wa ku Perisiya atagonjetsa Babulo.

Chiyembekezo cha Hananiya chinamangidwa pa tsiku, ndipo kuipa kwake kuli pomwepo. Munthu akauzidwa kuti mwezi uno usanathe zake ziyera, amasiya kukonzekera ulendo wautali. Wina amakatenga ngongole kwa akatapila kuti akapereke chopereka cha mbewu kutchalitchi, poti phindu lili pafupi. Wina amasiya kumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga kuti aonetse chikhulupiriro, matenda n'kubwerera ndi mphamvu. Tsiku lija likapita popanda kanthu, mumtima mumatsala mayankho awiri okha: kaya Mulungu ananama, kaya ine ndine wochimwitsitsa. Onse awiri amachotsa munthu m'tchalitchi. Ine ndimaona kuti kulonjeza wovutika tsiku limene Mulungu sanatchule n'kumubera, ngakhale wolonjezayo atachita ndi mtima wabwino.

Taonani zimene kalata ya Yeremiya, ya m'chaputala 29 chija, inauza akapolo aja kuti achite podikira: mangani nyumba, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani ndi kukwatitsa ana anu, pemphererani mzinda umene mwatengedwerako. Palibe chodabwitsa pamenepa, ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Banja limene linataya nyumba ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ku Chilobwe kapena ku Phalombe, likaumbanso njerwa pa malo otetezeka, likuchita zomwezo. Chimodzimodzi mayi wa geni amene mpamba wake unasungunuka Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nayambiranso ndi beseni limodzi la tomato. Wokhulupirira kuti Mulungu akadalipo mawa amadzala lero.

Chaputala 32 chimanditenga mtima koposa. M'chaka cha 10 cha Zedekiya mfumu ya Yuda, asilikali a Babulo atazinga mzinda, Yeremiya ali m'ndende, mbale wake Hanameli anabwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti, dera limene adani anali ataliponda kale. Yeremiya anagula. Anayeza masekeli 17 a siliva pa sikelo, pafupifupi magalamu 200, analemba makalata awiri, ina yomata ina yotsegula, anaitana mboni, napereka zonse kwa mlembi wake Baruki kuti aziike m'mbiya yadothi kuti zikhalitse. Atatha zonsezi anapemphera, ndipo pempherolo limathera pa kudabwa: mwandiuza ndigule munda, chikhalirecho mzinda ukuperekedwa kwa adani! Anamvera mtima ukadali ndi mafunso.

Chiyembekezo chotere chimasunga mapepala. Ena amaopa kulemba wilo poganiza kuti akudziitanira imfa kapena akukayika Mulungu, koma mneneri anaitana mboni. Lamulo la Malawi la 2011 lokhudza chuma cha masiye limafuna kuti wilo ilembedwe ndi kusayinidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo limaletsa kulanda katundu wa amasiye. Makalata a malo, chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a ana aikeni m'jumbo la pulasitiki, jumbolo m'ndowa yotsekera, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe pamene zili. Zijambuleninso pa foni, chifukwa madzi ndi chiswe sizisankha nyumba ya wopemphera.

Nanga amene amamwalira zaka 70 zisanakwane? Apa ndi pamene chikhristu chimaima kapena kugwa. Ahebri 11:13 sabisa kuti anthu achikhulupiriro anamwalira asanalandire malonjezano, anangowaonera patali. Chitetezo chathu sichingakhale thanzi, ntchito kapena zokolola, pakuti zonsezi zimatha ngakhale kwa oyera mtima. Petro, polembera Akhristu ozunzika, anaika chiyembekezo pa chinthu chimene chinachitika kale, kuuka kwa Yesu Khristu, ndi pa cholowa chosavunda chosungidwa kumwamba (1 Petro 1:3-4). Chimene chinachitika kale sichingalandidwe ndi chilala, matenda kapena abale olanda chuma. N'chifukwa chake mneneri Habakuku anatha kuwerenga zonse zimene zasowa, mkuyu, mphesa, nkhosa ndi ng'ombe, nanenabe kuti adzakondwera mwa Mulungu.

Mawu awa ndi a inu a mlaga, a mphakati, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amene mumayendera ovutika. Pa maliro anthu amadzaza bwalo, koma sabata yachitatu namfedwa amatsala yekha, ndipo mantha amayamba nthawi imeneyo. Ikani maulendo anu pamenepo: kamodzi pa sabata, anthu awiri osati khumi, mphindi 30 zakwana. Gulu lalikulu limakakamiza mwininyumba kutereka tiyi amene alibe. Tengani kanthu m'manja, kaya ufa, sopo kapena nkhuni, ndipo funsani chosowa chenicheni, mwina ndi fizi kapena womuperekeza kuchipatala.

Polankhula, musafufuze tchimo limene labweretsa tsokalo. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala chete, analakwa atayamba kulongosola. Musanene kuti zitha posachedwa. Werengani ndime imodzi yaifupi, mwapang'onopang'ono. Kwa amene misozi ikadali pafupi, Masalimo 42 ndi 43 amamupatsa mawu olirira. Salimo 88 limathera mumdima, ndipo limathandiza amene akuchita manyazi kuti wakwiyira Mulungu, poona kuti pemphero lotere nalonso lili m'Baibulo. Maliro 3:21-24 ndi Aroma 8:35-39 zibwere pambuyo, mtima utayamba kutsika. Mukafulumira nazo, munthu amamva ngati mukumutseka pakamwa.

Wina akanena kuti kuli bwino kufa, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, musangopemphera n'kunyamuka. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.